Kompyuta yoyamba ya m'nyumba inkamvera kaseti

Aliyense wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga amene anakhalapo ndi wailesi ya kaseti amadziwa mavuto ake. Tepi inkakodwa m'kati, mwini wake n'kuikoka pang'onopang'ono, kenaka n'kuikulunga ndi bolopeni. Mabatire akayamba kutha, woimba ankamveka ngati wamwa kachasu. Koma ndi anthu ochepa amene amadziwa kuti m'zaka za m'ma 1980, m'maiko a ku Ulaya, kaseti yomweyo inali ndi ntchito inanso. Inali nkhokwe ya makompyuta oyamba kulowa m'nyumba za anthu wamba.

Ana amene makolo awo anawagulira makina amenewo lero ndi anthu a imvi, ambiri a zaka 50 kapena kuposerapo. Akayamba kukamba za kompyuta yawo yoyamba sachedwa kutchula kulira kwa kaseti, kulimbirana wailesi yakanema ndi makolo, ndiponso usiku umene ntchito yawo yonse inafufutika chifukwa wina anapunthwa pa waya wa magetsi. Nkhani yawo ikukhudzanso midzi ya kumalire kuno, chifukwa zina mwa zinthu zimene zili m'kati mwa foni za masiku ano zinachokera m'manja mwa ana omwewo.

Kabokosi kakuda ka a Sinclair

Kale kompyuta inali chinthu cha boma, mabanki ndi mayunivesite. Inkadzaza chipinda chathunthu ndipo munthu wamba sankaloledwa ngakhale kuikhudza. M'chaka cha 1977 ku America kunatuluka makompyuta oti n'kuika patebulo, monga Apple II, koma mtengo wake unali madola 1,298, ndalama zimene mabanja ambiri sakanakwanitsa.

Amene anagwetsa mtengo ku Ulaya anali Clive Sinclair wa ku Britain. M'chaka cha 1980 iye anatulutsa ZX80 pa mtengo wosafika mapaundi 100. Chaka chotsatira kunabwera ZX81 pa mapaundi 69.95, ndipo wofuna kupulumutsa ndalama ankagula zipangizo zake pa mapaundi 49.95 n'kukalumikiza yekha kunyumba. Pa 23 April 1982 ndi pamene panatuluka ZX Spectrum, imene anthu ambiri amaikumbukira mpaka lero. Yaing'ono inkagulidwa mapaundi 125, yamphamvuko mapaundi 175. Makina a mtundu umenewu anagulidwa oposa 5 miliyoni.

Spectrum kanali kabokosi kakuda, kukula kwake ngati buku la kusukulu, kokhala ndi mabatani 40 a labala ndiponso mizere ya utawaleza pakona. Kanalibe galasi loonerapo. Mwini wake ankakalumikiza ku wailesi yakanema ya pabalaza, ndipo apa ndi pamene pankayambira mkangano. Nyumba zambiri zinali ndi kanema mmodzi yekha, choncho nthawi ya nkhani kapena mpira ikakwana, bambo ankalamula kuti mwana azule mawaya ake. Ambiri amakumbukira kuti ankadzuka m'bandakucha, anthu onse ali m'tulo, kuti apeze mpata.

Mutu wa makina amenewa unali wochepa zedi. ZX81 inkasunga zilembo 1,024 zokha nthawi imodzi, zosakwana ngakhale kalata yabwino yopita kwa mbale wa ku Tete. Wofuna malo ochuluka ankagula kabokosi kena kolumikiza kumbuyo, koma kankagwedera, ndipo kakangosuntha pang'ono zonse zimene munthu walemba zinkatayika. Ena ankachita kukamata kuti kasagwedezeke. Spectrum yaikulu inkasunga zilembo pafupifupi 49,000. Nkhani ino ikanalowamo katatu, basi n'kudzaza. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni ya lero chikanafuna makina otere okwana 40.

Mphindi zisanu zodikira

Chimene eni ake saiwala ndi kaseti. Kompyutayo ikazimitsidwa inkaiwala zonse, motero mapulogalamu ndi masewera ankasungidwa pa kaseti wamba, yofanana ndi ya nyimbo. Kompyuta imadziwa manambala awiri okha, 0 ndi 1, ndipo manambalawo ankasandutsidwa kulira kwa mitundu iwiri n'kujambulidwa pa tepi. Munthu akaika kaseti yotere mu wailesi ankangomva kutswiinya kolasa m'makutu, ngati nyenje masana a mwezi wa October.

Mwana wofuna kusewera ankalumikiza wailesi ya kaseti ku kompyuta, n'kulemba mawu akuti LOAD, n'kusindikiza batani loyendetsa tepi. Pamenepo m'mphepete mwa kanema munkayamba kuthamanga mizere, poyamba yofiira ndi yobiriwira ngati mtambo, kenaka yachikasu ndi yabuluu. Kuti masewera aakulu alowe onse pankapita mphindi zinayi kapena zisanu. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ana amenewo anaphunzira kudekha mosafuna. Panthawi yodikirayo sankalola munthu kugunda tebulo kapena kumenyetsa chitseko.

Nthawi zambiri, tepi itatsala pang'ono kutha, kompyuta inkalemba kuti yalephera kumva bwino. Zikatero panalibe kuchitira mwina koma kubweza kaseti ndi kuyambanso. Ana anatulukira okha njira zothana ndi vutoli. Ankasintha kukwera kwa mawu mpaka atapeza pamene makina akumva, ankapukuta mutu wa wailesi ndi kathonje, ndipo ena ankapotokola kasikuluwu kakang'ono ka pafupi ndi mutuwo mpaka kulirako kutamveka bwino. Palibe sukulu imene inawaphunzitsa zimenezi. Ankauzana okhaokha pa nthawi yopuma, uku akubwerekana makaseti.

Popeza pulogalamu inali phokoso chabe, inkathanso kuulutsidwa pa wailesi. Ku Netherlands ndi ku Yugoslavia wakale, nyumba zina za wailesi zinkachita zimenezi. Woulutsa ankachenjeza omvera kuti akonze makaseti awo, kenaka kwa mphindi zingapo wailesi inkangotswiinya. Amene wajambula bwino phokosolo anali atalandira pulogalamu yaulere kudzera mumlengalenga, intaneti isanafike m'nyumba za anthu.

Makina odikira kuuzidwa

Chinthu chachikulu pa makompyuta amenewa chinali chakuti akayatsidwa sankachita kanthu. Pa kanema pankangooneka poyera ndi kachizindikiro kothwanima, kudikira kuti mwini wake alamule. M'bokosi munkabwera buku lochindikala lophunzitsa BASIC, chinenero cholamulira makinawo, ndipo mwana amene analibe ndalama yogulira makaseti a masewera ankatsegula bukulo.

Pafupifupi onse anayamba ndi pulogalamu ya mizere iwiri. Mzere woyamba unkati 10 PRINT "MONI", kutanthauza kuti lemba mawu akuti moni. Wachiwiri unkati 20 GOTO 10, kutanthauza kuti bwerera ku mzere woyamba uja. Mwana akalamula kuti iyambe, mawuwo ankadzaza kanema yense kuchokera pamwamba mpaka pansi osaleka. Ambiri ankaikapo dzina lawo. Eni ake amati tsiku limenelo ndi limene anazindikira kuti kanema, amene kale ankangomuonerera, angathe kumvera iwo.

Magazini monga Sinclair User ankasindikiza mapulogalamu athunthu pa masamba awo. Ana awiri ankakhala pansi, wina kuwerenga mokweza, mnzake kulemba, mwina madzulo onse. Chilembo chimodzi chikalakwika, pulogalamu inkakana kuyenda, ndipo ankayamba kufufuza mzere ndi mzere. Nthawi zina cholakwacho chinali cha osindikiza magazini. Pofunafuna zolakwa zotere ndi pamene ambiri anamvetsa m'mene pulogalamu imayendera, n'kuyamba kusinthamo zina, mpaka kulemba zawozawo.

Kunena zoona, si ana onse amene anatero. Makolo ambiri anagula makinawo pokhulupirira kuti athandiza pa maphunziro ndi kuwerengera ndalama za pakhomo, koma m'nyumba zambiri anathera pa masewera basi. Komabe mwa ana mamiliyoni amenewo munatuluka ena amene anapita patali. Matthew Smith, mnyamata wa kufupi ndi Liverpool, anali ndi zaka 17 pamene analemba Manic Miner m'chaka cha 1983, masewera a munthu wofunafuna chuma mumgodi amene anatchuka m'dziko lonse la Britain. Makampani angapo a masewera a pakompyuta anayambira m'zipinda zogona za anyamata otere.

Ku Portugal ndi ku Brazil

Makina a Sinclair anafikanso m'maiko olankhula Chipwitikizi. Kampani ya Timex, yodziwika ndi mawotchi, ndiyo inkapanga makompyuta ambiri a Sinclair pa fakitale yake ya ku Dundee ku Scotland, ndipo inali ndi fakitale ina ku Caparica, kutsidya kwa mtsinje wa Tejo pafupi ndi Lisboa. Kumeneko kunatuluka Timex Computer 2048 m'chaka cha 1984, mbale wake wa Spectrum, amene anagulidwa kwambiri ku Portugal ndi ku Poland. Kwa Apwitikizi ambiri obadwa m'zaka za m'ma 1970, kompyuta yoyamba inali imeneyi kapena Spectrum yeniyeniyo. M'chaka cha 2020 m'tauni ya Cantanhede, m'dera la Coimbra, anatsegula nyumba yosungiramo makina amenewa yotchedwa LOAD ZX Spectrum, kumene makolo amapita kukaonetsa ana awo chimene iwo anakulira nacho.

Ku Brazil malamulo a nthawi imeneyo ankaletsa kuitanitsa makompyuta aang'ono kuchokera kunja, choncho makampani a komweko ankapanga ofanana nawo. Kampani ya Microdigital ya ku São Paulo inatulutsa TK90X m'chaka cha 1985, imene inkayendetsa mapulogalamu ambiri a Spectrum.

Mnyamata wa ku Finland ndi agogo ake

Pa nkhani zonse za kompyuta yoyamba, imene ikukhudza anthu ochuluka ndi ya Linus Torvalds wa ku Helsinki, m'dziko la Finland. Iye anabadwa m'chaka cha 1969. Agogo ake aamuna, Leo Törnqvist, anali mphunzitsi wa masamu owerengera zinthu pa yunivesite, ndipo cha m'ma 1981 anagula Commodore VIC-20, kompyuta ya ku America imene inali yoyamba kugulidwa yoposa miliyoni imodzi. Agogowo ankalemba mapulogalamu awo papepala, n'kuitana mdzukulu wawo kuti awalembere pa makinawo. Torvalds anafotokoza m'buku la moyo wake kuti ankachita zimenezi atakhala pamiyendo pa agogo akewo, asanamvetse n'komwe tanthauzo la zimene ankalembazo. Agogo atamwalira, kompyutayo inatsala m'manja mwake.

M'chaka cha 1987 iye anagula Sinclair QL, kompyuta ina ya Clive Sinclair imene sinayende malonda. Ku Finland mapulogalamu ake ankasowa, ndipo kuitanitsa ku Britain kunkatenga nthawi, motero mnyamatayo anazolowera kudzilembera yekha chimene akufuna. Mu January 1991, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki, anagula kompyuta yatsopano pa ngongole yolipira pang'onopang'ono. Mu August chaka chomwecho analengeza kuti akulemba pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, yoti aliyense atenge mwaulere. Pulogalamuyo ndiyo Linux. Foni iliyonse ya Android, kaya yagulidwa ku Ulongué, ku Zóbuè kapena pa msika wa ku Lizulu, ili ndi Linux pansi pake.

Mbali inanso ya foni inachokera kwa opikisana ndi Sinclair. Kampani ya Acorn ya ku Cambridge inapanga BBC Micro m'chaka cha 1981, kompyuta imene inalowa m'sukulu zambiri za ku Britain mothandizidwa ndi boma. Pofuna makina amphamvu oposa amenewo, akatswiri awiri a kampaniyo, Sophie Wilson ndi Steve Furber, anakonza kachipangizo katsopano kokhala ngati ubongo wa kompyuta, kotchedwa ARM, kamene kanayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1985. Ubwino wake unali kusadya moto wambiri. N'chifukwa chake pafupifupi foni zonse za m'manja zimayendera tizipangizo ta mtundu wa ARM, ndipo batire la foni limatha kufika madzulo.

Clive Sinclair anagulitsa bizinesi yake ya makompyuta kwa kampani ya Amstrad m'chaka cha 1986, ndipo anamwalira pa 16 September 2021 ali ndi zaka 81. Pa maliro ake anthu ambirimbiri analemba kuti ntchito imene amadyera inayambira pa kabokosi kake. Mmodzi mwa iwo anali Satya Nadella, wobadwira ku India, amene anakhala mkulu wa kampani ya Microsoft m'chaka cha 2014. Iye anati kompyuta yake yoyamba inali ZX80.

Kuno kunali nkhondo

M'zaka zimene ana a ku Ulaya ankadikira kaseti, ana a m'maboma a kumalire m'chigawo cha Tete ankathawa mfuti. Midzi yambiri ya ku Angónia ndi Tsangano inatsala mabwinja, anthu ataolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Sukulu zinatsekedwa kapena kuotchedwa. Damu la Cahora Bassa linali m'chigawo chomwechi, koma magetsi ake sankafika m'midzi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, obwerera kwawo anali ndi ntchito yomanganso nyumba, kulima minda imene inamera tchire ndi kupewa mabomba okwiriridwa pansi. Panalibe woganiza za kompyuta.

Choncho m'badwo wonse wa makina a kaseti unadutsa osafika kuno. M'makomo ambiri a kumalire, kompyuta yoyamba kulowa m'nyumba ndi foni. Kampani ya mCel inayamba ntchito m'chaka cha 1997, Vodacom mu 2003, ndipo Movitel, imene inafikitsa netiweki m'madera ambiri a kumidzi, inayamba mu 2012. Mlimi wa mbatata ya kachewere amafunsira pafoni mtengo wa ku Tete asanakweze matumba pa lole, ndipo ndalama za mwana wa ku Joni zimafika popanda munthu kukwera basi. Foni ya Android yotsika mtengo ili ndi mutu woposa wa Spectrum ka 40,000.

Kusiyana kwake

Koma foni ndi yosiyana ndi makina akale aja pa chinthu chimodzi. Imabwera zonse zili zokonzakonza. Ikayatsidwa imaonetsa nyimbo, mpira ndi mavidiyo, ndipo siifunsa mwini wake kuti alamule kanthu. Mwana angathe kukhala nayo zaka zisanu, chala chikuyenda pagalasi usana ndi usiku, osadziwa ngakhale pang'ono m'mene imagwirira ntchito.

Vuto limeneli linaonekanso ku Britain komweko. Cha m'ma 2006 aphunzitsi a yunivesite ya Cambridge anaona kuti achinyamata ofunsira maphunziro a kompyuta akuchepa, ndipo amene akubwera sakudziwa kulemba mapulogalamu monga ankadziwira a m'zaka zapitazo. Mmodzi mwa aphunzitsiwo, Eben Upton, anakumbukira BBC Micro yogwirapo kale ntchito imene anagula ali mwana. Iye ndi anzake anaganiza zopanganso makina otsika mtengo, oti mwana awagwiregwire popanda kuopa kuononga chinthu chodula. Mu February 2012 anatulutsa Raspberry Pi pa madola 35, kompyuta yokwana m'dzanja imene imalumikizidwa ku wailesi yakanema monga zinkachitikira kale. Inagulidwa mamiliyoni ambiri.

Palinso phunziro lina lowawa. M'zaka za m'ma 1980 otsatsa malonda ankaonetsa kompyuta ngati chidole cha anyamata, ndipo m'mabanja ambiri inkaikidwa m'chipinda cha mwana wamwamuna. Ku America, m'chaka cha 1984, akazi anali 37 pa 100 alionse omaliza digiri ya kompyuta, koma m'zaka zotsatira chiwerengerocho chinatsika mpaka kuchepera 20. Ofufuza ambiri amati kusiyana kwa kunyumbako ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Mtsikana ankafika ku yunivesite n'kupeza anyamata atayamba kale zaka zambiri m'mbuyomo. Pakhomo pamene foni imakhala m'thumba la mchimwene, mlongo wake ali ku chitsime kapena ku mtondo, nkhani yomweyo ikubwerezedwa.

Funso kwa makolo

Anthu amene amakumbukira kompyuta yawo yoyamba amatchula zinthu zofanana. Makinawo anali m'manja mwawo nthawi yokwanira. Panali buku kapena magazini yowaonetsa poyambira. Panali mnzawo wofunsana naye, ndipo kawirikawiri panali wamkulu, monga agogo a Torvalds, amene anawaitana kuti akhale pafupi. Mphamvu ya makinawo inali yochepa kwambiri, koma sinawaletse kuphunzira.

Zina mwa zimenezi zilipo kale m'midzi ya kumalire. Phunziro la TIC lili pa ndondomeko ya sukulu za sekondale m'dziko muno, ngakhale kuti sukulu zambiri za kumudzi zilibe makompyuta okwanira. Pa misika pali anyamata okonza mafoni amene anaphunzira ntchitoyo pongomasula ndi kufunsa, monga ankachitira ana a kaseti aja. Pa foni ya Android munthu angathe kuikapo mapulogalamu aulere ophunzitsa kulemba malamulo a kompyuta. Mwana wa sekondale angayambe ndi zinthu za pakhomo pomwepo, monga kulemba matumba a chimanga amene alowa m'nkhokwe, ndalama zimene zapita ku feteleza ndi zimene zatsala mbatata itagulitsidwa.

M'mera mpoyamba. Kholo limene limalipira ndalama yotchajira foni pa sola ndi yogulira mayunitsi lili ndi ufulu wofunsa mwana madzulo kuti waphunzirapo chiyani, ndi kumuuza kuti aonetse. Lili ndi udindonso woonetsetsa kuti mwana wamkazi naye wapatsidwa nthawi yake. Ana a masiku ano akadzafika zaka 50 adzakamba za foni yoyamba imene inalowa m'nyumba mwawo, ndipo chimene adzanene chikudalira zimene akuloledwa kuchita nayo panopa.